Nthaka Imasunga Mbiri ya Makolo



Dera la Mitundu ndi Nathenje lili pakati pa malo akuluakulu a mbiri ya Achewa. Cha ku Dzalanyama kuli Msinja, kumene kunali kachisi wa Makewana. Pafupi ndi Mitundu pali phiri la Bunda, kumene makolo ankapempherera mvula. Wodutsa pa Nathenje kulowera ku Dedza amafika kumapiri a Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Mbiri ya malo amenewa inasungidwa pakamwa pa akuluakulu, koma ina ili pansi pa nthaka.

Zimene akatswiri ofukula zakale apeza m'boma la Dedza zikuchitira umboni. M'chaka cha 1972, J. Desmond Clark anafukula m'phanga la Chencherere napeza zida zamiyala za alenje amene makolo ankawatcha Akafula. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, Yusuf Juwayeyi anafukula dzala la pa likulu la Kalonga. M'dzalamo munatuluka mapale, mafupa a nyama, zipangizo zachitsulo ndi zamkuwa, minyanga ya njovu, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja, ngakhalenso zidutswa za mbale za ku China. Buku lake la m'chaka cha 2020 likusonyeza kuti pofika zaka za m'ma 1400 Achewa anali atakhazikika kale pamalopo, ndipo malonda awo anafika kutali. Zimene agogo ankasimba madzulo zinapezeka m'dothi. Zoonadi, mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Wofukula zakale sakumba ngati wokumba chitsime. Amapala dothi pang'onopang'ono, nalemba malo ndi kuya kwa chinthu chilichonse, pakuti zimene zili pansi n'zakale kuposa zimene zili pamwamba. Makala opezeka pamodzi ndi phale ndiwo amayezedwa kuti zaka zake zidziwike. Choncho phale limene lazulidwa pamalo pake n'kuikidwa m'thumba lili ngati mboni yodulidwa lilime.

Apa ndi pamene pagona nkhawa. Mzinda wa Lilongwe ukukula, ndipo dothi la m'midzi yozungulira likukumbidwa tsiku ndi tsiku poumba njerwa, pokonza misewu ndi pomanga nyumba. Khasu likagwera pa bwinja kapena pa ng'anjo yakale yosungunulira chitsulo, umboni umene wakhala zaka mazanamazana umatha m'mawa umodzi. Madzi akatayika saoleka.

Lamulo loteteza zinthu zakale m'dziko muno likuti zoterezi zisafukulidwe popanda chilolezo cha boma. Mlimi kapena woumba njerwa amene wapeza mapale ambiri pamalo amodzi, mikanda, mafupa kapena zotsalira za ng'anjo, azisiye pomwepo ndi kuuza a mfumu, kuti iwo adziwitse nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Mafumu, amene amadziwa pamene panali mabwinja, manda ndi akachisi, ndiwo alonda oyamba a malowa. Mankhamba analankhula chifukwa dzala lake linapezeka lisanamwazike. Mabwinja a ku Mitundu ndi Nathenje nawonso ayenera kusungidwa chimodzimodzi, kufikira tsiku limene odziwa kuwerenga nthaka adzafike.