Chuma cha Masiye Chimene Sichioneka ndi Maso

 Mau athu lero ndi okhudza amasiye amene ali pakati pathu.

Bambo akatisiya, abale amawerenga nyumba, njinga ndi mbuzi. Koma chiyambire 1996, pamene kampani ya NICO inayamba kugulitsa masheya pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, amuna ambiri akhala akugula masheya m'makampani monga Illovo ndi National Bank. Chuma chotere sichioneka ndi maso. Kale chinkakhala pa pepala basi. Pepala likatayika, mayi avutika kutsimikiza kuti chumacho ndi cha banja lake.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, maliro akatha tisonkhanitse kalata ya imfa, wilo ngati ilipo, mapepala a masheya ndi makalata onse ochokera ku kampani, tiziike pamalo pouma. Chachiwiri, tidziwe kuti masheya sasintha dzina ndi mau apakamwa. Pafunika kalata ya bwalo la milandu yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha womwalirayo, ndipo kampani idzafuna kuiona isanalembe dzina latsopano.

Chachitatu ndi msonkho. Kampani ikamagawa phindu imayamba yadula msonkho wa boma, yotsalayo n'kutumiza kwa mwini masheya. Kapepala kosonyeza zimenezi tisakolezere moto, pakuti ndiko mboni yathu a Malawi Revenue Authority akafunsa. Tisungenso pepala losonyeza mtengo umene bambo anagulira masheyawo.

Tisafulumire kugulitsa misozi ili m'maso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wina akabwera ndi pepala kuti tisaine, tiyambe tafunsa kwa odziwa malamulo. Lamulo la chuma cha masiye la 1967 linalowedwa m'malo ndi la 2011, ndipo pa lamulo latsopanoli kulanda chuma cha mayi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu.

Pa Numeri 27 timawerenga za ana aakazi a Tselofekadi amene anaimirira pamaso pa Mose kupempha cholowa cha atate awo, ndipo Yehova anawavomereza. Kufunsa za cholowa si umbombo ayi.

Inu amene amuna anu ali moyo, kambiranani nawo sabata ino, mudziwe pamene mapepala ali. Ndipo popita kukapepesa mnzathu, titenge ufa ndi nkhuni monga mwa masiku onse, komanso mmodzi wa ife amperekeze ku maofesi kufikira zonse zitalongosoka.

Ambuye akudalitseni nonse.