Usanakwere galimoto, funsa za ngongole



Nkhani yanga ndi ya maulendo okasaka ntchito. Ife a kuno ku Kasungu nkhaniyi si yachilendo. Ngakhale Kamuzu Banda anachoka konkuno ali mnyamata n'kukagwira ntchito ku Joni. Agogo athu ambiri anapita kumigodi kudzera ku Wenela, mpaka 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, boma n'kuletsa maulendowo. Mwaona? Chiganizo chimodzi cha boma chinatseka njira ya anthu masauzande.

Koma Kasungu analinso malo olandira alendo. Malole ankabwera ndi mabanja ochokera ku Mulanje, Phalombe ndi Machinga kudzakhala matenanti m'maesiteti a fodya. Kachitidwe kake timakadziwa. Thiransipoti, chimanga, feteleza, ngakhale khasu, zonse bwana ankalemba m'buku. Fodya akagulitsidwa ku okushoni, amayamba wadula ngongole. Banja lakhetsa thukuta kuyambira ku nazale mpaka kuchigafa, koma lotsala m'manja silikwana n'komwe ulendo wobwerera kwawo. Ndiye limakhalanso chaka china. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti, kuti munthu azilembedwa ngati wantchito wolandira malipiro.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti buku la ngongole lija silinafe, langosintha malaya. Lero ndife achinyamata amene tikukwera. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, zinthu zinakwera mtengo, ndipo randi inayamba kukoma m'makutu. Mwezi womwewo gulu la achinyamata linanyamuka kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Enanso tsiku ndi tsiku akupita ku Joni ndi matiransipota amene amati, "Kwera, ukalipira ukafika." Amene wakunyamula pangongole ndi amene amagwira pasipoti yako. Kodi pamenepo pali kusiyana kwanji ndi tenanti?

Sindikunena kuti tisamayende ayi. Nyumba zambiri zamalata m'midzi mwathu muno zamangidwa ndi ndalama zapaulendo. Koma usanakwere, funsa mafunso anayi. Ulendowu walipira ndani, ndipo adzandidula zingati? Malipiro alembedwa papepala kapena ndi apakamwa? Mapepala anga akundilola kugwira ntchito kumeneko, kapena ndi ongocheza? Nanga zikavuta, ndibwerera ndi chiyani? Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Pomaliza, nkhani za bajeti, mtengo wa feteleza ndi mitengo ya fodya ku Chinkhoma tisamazisiyire madala okha pa wailesi. Zimenezo n'zimene zimagamula ngati tikhale kapena tinyamuke. Ndikupempha kuti pamsonkhano wotsatira tiitane munthu wa ku ofesi ya zantchito pa boma adzatifotokozere lamuloli.