Chisoti, Lamba ndi Mabuleki Pabwalo la Liŵiro

Nkhani yathu lero ikuchokera ku Mangalande, kumene kuli mabwalo a mpikisano wa magalimoto monga Silverstone, Brands Hatch ndi Donington Park. Bwalo la Silverstone lidali la ndege zankhondo pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, ndipo ndi pomwepo pamene mu 1950 padayambira mpikisano wofuna katswiri wa dziko lonse wa Formula One. Koma mabwalo ameneŵa satsegulira akatswiri okha. Pa masiku ena, amene eni ake amaŵatcha track day, munthu wamba, kaya ndi mphunzitsi, kalaliki kapena makaniko, amalipira ndalama naloŵetsa galimoto yomwe amapitira kuntchito, n'kuiyendetsa pa liŵiro limene lamulo silingamlole pamseu.

Tsiku loterolo si la mpikisano. Palibe wopambana, ndipo m'mabwalo ambiri kuŵerengera munthu nthaŵi n'koletsedwa. Komabe ngozi sifunsa ngati woyendetsa ndi katswiri kapena wophunzira. Liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mphamvu imene galimoto imagunda nayo imaŵirikiza kanayi. Galimoto yothamanga makilomita 160 pa ola ikagunda chipupa, mphamvu yake imakhala ngati ya magalimoto anayi othamanga makilomita 80. Nchifukwa chake okonza masikuŵa adaika malamulo a zida.

M'maŵa, asanalize injini, woyendetsa amaonetsa laisensi yake ndi kukakhala pamsonkhano wa malangizo. Kumeneko amaphunzira chinenero cha mbendera. Yachikasu imatanthauza kuti kutsogolo kuli choopsa, achepetse liŵiro ndipo asapitirire mnzake. Yofiira imaimitsa zonse. Yakuda imaitana munthu mmodzi kuti atuluke m'bwalo. Galimoto amaiyesa phokoso, ndipo iyenera kukhala ndi ngoŵe yokokera. M'mabwalo ambiri woyendetsa ayeneranso kuvala zophimba mikono ndi miyendo. Koma chida choyamba, chimene popanda icho saloŵa m'bwalo, ndi chisoti.

Mbiri ya chisoti chamakono idayamba ndi maliro. Mu 1956, ku California m'dziko la America, Pete Snell, amene ankachita mpikisano mongodzisangalatsa, adamwalira galimoto yake itagudubuzika. Chisoti adavala ndithu, koma sichidamteteze. Anzake adakhazikitsa bungwe la Snell Memorial Foundation mu 1957 kuti liziyesa zisoti, ndipo miyezo yake imakonzedwanso pakapita zaka zisanu zilizonse. Chisoti cholembedwa SA n'cha m'galimoto, ndipo nsalu yake ya m'kati sigwira moto msanga. Cholembedwa M n'cha panjinga yamoto. Ku Mangalande okonza ambiri amalandira chisoti cha panjinga yamoto, ndipo wosoŵa chake amambwereketsa pa mtengo wochepa. Chimene chimapulumutsa ubongo si chigoba cholimba chakunja chokha, komanso chofeŵa cha m'kati chimene chimaphwanyika polandira mphamvu ya ngozi. Chimenechi chimaphwanyika kamodzi kokha. Chisoti chimene chidagundapo mwamphamvu chatha ntchito, ngakhale kunja chioneke chonyezimira.

Tsopano tione lamba. Lamba womangidwa malo atatu, wodutsa paphewa ndi m'chiuno, adapangidwa ndi Nils Bohlin wa kampani ya Volvo ku Sweden, ndipo adayamba kuikidwa m'magalimoto mu 1959. Pa masiku a anthu wamba lamba ameneyu amaloledwa. Iye amatamuka pang'ono pangozi, namagwirizana ndi thumba la mpweya limene limafufuma pachiongolero. Koma ophunzira ambiri akaona akatswiri atamangidwa ndi malamba anayi, asanu kapena asanu ndi mmodzi, amathamangira kukagula otero, poganiza kuti kuchuluka kwa malamba ndiko chitetezo. Apa ndi pamene pagona mutu wa nkhani yathu. Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo zida zimenezi nazonso sizigwira ntchito chilichonse pachokha.

Malamba ambiri amamkhomerera munthu kumpando ali chilili. Galimoto ikatembenuzika denga n'kuphwanyikira m'kati, iye sangathe kupendekera kumbali. Choncho malambawo amafuna mipiringidzo yachitsulo yochirikiza denga. Mipiringidzoyo nayonso imafuna chisoti, pakuti mutu wosavala ukagunda chitsulo umasweka. Ndiponso malamba anayi opanda wodutsa pakati pa miyendo angalole thupi kutsetserekera pansi, lamba wa m'chiuno n'kukwera kukafinya mimba.

Chatsala ndi khosi. Thupi likagwidwa zolimba, mutu wokha ndiwo umapitirira kutsogolo, utalemedwanso ndi chisoti choposa kilogalamu imodzi. Khosi limakokeka mpaka fupa la pansi pa chigaza limathyoka. Patrick Jacquemart atamwalira pabwalo la Mid-Ohio mu 1981, mnzake Jim Downing pamodzi ndi mlamu wake Dr Robert Hubbard adayamba kufunafuna mankhwala a vutoli. Adapanga chida chotchedwa HANS, chokhala ngati goli, chimene chimagona pamapewa pansi pa malamba ndi kumangiriridwa kuchisoti ndi zingwe ziŵiri. Akatswiri ambiri adachinyoza kwa zaka zambiri. Mu February 2001 Dale Earnhardt, katswiri wotchuka wa ku America, adafa ndi bala lomwelo pa mpikisano wa Daytona 500. Chaka chisanathe bungwe la NASCAR lidalamula zida zogwira mutu ndi khosi, ndipo Formula One idalamula HANS kuyambira mu 2003. Motero woyendetsa wamba ali ndi njira ziŵiri zanzeru. Angasiye galimoto monga idachokera kufakitale, ndi lamba wake ndi thumba lake la mpweya, kapena angagule zonse pamodzi: mpando, malamba, mipiringidzo, chisoti ndi HANS. Njira yapakati, yogula chimodzi n'kusiya chinzake, ndiyo yoopsa koposa.

Nanga moto? Ovololo yosagwira moto, yosokedwa ndi nsalu ya Nomex, kaŵirikaŵiri sikakamizidwa pa masiku a anthu wamba. Phindu lake lidaoneka mu 2020 ku Bahrain, pamene Romain Grosjean adakhala m'malaŵi pafupifupi theka la mphindi natuluka atapsa makamaka manja. Amene alibe ovololoyo asankhe zovala zathonje, pakuti nayiloni imasungunuka ndi kumatirira pakhungu. Chozimitsira moto chimangidwe zolimba ndi mabawuti. Botolo, sipanala kapena jeke, zonse zosamangirira zitulutsidwe, chifukwa pangozi zimauluka ngati miyala ya legeni.

Chida chimene ambiri amachiiŵala ndi mabuleki. Pamseu munthu amaponda mabuleki mwamphamvu mwa apo ndi apo, koma m'bwalo amatero pa ngodya iliyonse, ndipo zitsulo zimatentha kwambiri. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi pang'onopang'ono. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano saŵira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi muyezo wake umatsikira ku madigiri 155. Akaŵira amachita nthunzi m'mapaipi, chopondera chimangomira mpaka pansi, galimoto osaima. Woyendetsa wochenjera amasintha mafutawo tsiku lisanafike, naona matayala ndi mpweya wake, ndipo akathamanga kanthaŵi amazungulira bwalo kamodzi mwapang'onopang'ono kuti zitsulo zizizire.

Pomaliza, inshuwalansi wamba ya pamseu kaŵirikaŵiri silipira ngozi ya m'bwalo, ndipo mwambo wake ndi wakuti aliyense amadzikonzera yekha galimoto yake, ngakhale wolakwa akhale mnzake. Safunsa adadya phula. Wofuna kuloŵa m'bwalo ayambe wafunsa okonza tsikulo za zida zimene iwo amalamula, kenaka adzifunse yekha ngati chida chilichonse chimene wagula chili ndi chinzake choyenda nacho.