Dzidziŵeni Nokha: Phunziro la Ana a Kachamba

Lero tikambirane za kudzidziŵa. Munthu wodzidziŵa amadziŵa chimene angathe ndi chimene sangathe. Sachita manyazi ndi kwawo.

Chitsanzo chili pafupi pomwe pano. M'mudzi mwa Singano, kuno ku Chileka, munali anyamata aŵiri apachibale, Daniel ndi Donald Kachamba. Daniel anabadwa mu 1947. Ali ana anakhalako ku Salisbury, kumene tsopano timati Harare. Kumeneko anamva nyimbo za kwela zochokera ku South Africa.

Atabwerera kumudzi, sanangotsanzira eni ake ayi. Anayamba kupeka nyimbo zawo, zambiri m'chinenero chathu. Daniel anadziŵa kuti dzanja lake lili pa gitala. Donald anadziŵa kuti mphatso yake ili pa chitoliro. Zida zawo sizinali zodula. China chinali cha chingwe chimodzi, chopangidwa ndi bokosi.

Mu 1967 katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawamva akuimba ku Blantyre. Pambuyo pake nyimbo zawo zinakafika ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987. Donald anakaphunzitsa nyimbo pa yunivesite ina ku Los Angeles, ku Amereka, mu 1999, ndipo anamwalira mu 2001.

Tsono taganizani. Akadakhala ongokopera, ndani akadawafuna? Eni kwela analipo kale. Anthu anawafuna chifukwa anali ndi chawochawo. Paja akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Koma kudzidziŵa si kukhala pamodzimodzi. Anyamata aja anaphunzira kwa ena, kenaka anawonjezapo nzeru zawo. Inunso mwaphunzira kuŵerenga mutakula kale. Ena adzakusekani. Adzati, "Sukulu ndi ya ana." Mukamvera zimenezo mudzasiya buku, ndipo zilembo zidzathaŵa m'mutu. Pa msika wa Lirangwe mudzayambanso kufunsa ena kuti akuŵerengereni ndalama zanu.

Choncho madzulo ano tengani pensulo ndi kope. Lembani zinthu zitatu zimene mumachita bwino, kaya kuumba mbiya, kulima tomato kapena kusoka. Pansi pake lembani chimodzi chimene chimakuvutani. Musaname, pakuti kopelo ndi lanu. Mlungu wamaŵa mubwere nalo, tidzathandizane pa chovutacho.