Khoswe wa padenga adaulula wa padzala: za chinsinsi chathu pa intaneti

Mwandipempha kuti ndinenepo za chinsinsi cha munthu pa intaneti, makamaka za udindo wa otsatsa malonda ndi wa ife amene timacheza pa Facebook, WhatsApp, TikTok ndi masamba ena otere. Mwina ena mukuti nkhani imeneyi ndi ya anyamata a makompyuta. Ndikupemphani mundimvere kaye, pakuti aliyense amene ali ndi foni m'thumba muno nkhaniyi ikumukhudza, ngakhale foniyo ikhale yamabatani.

Ndiyambe ndi funso. Tikamalowa pa Facebook, mwini tsambalo sitimulipira ngakhale tambala. Nanga kampani ya Meta, imene ndi mwini wake wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, imapeza kuti mabiliyoni a madola chaka ndi chaka? Pafupifupi ndalama zake zonse zimachokera kwa otsatsa malonda. Munthu wogulitsa zovala za makanda safuna kufuula msika wonse ayi. Iye afuna uthenga wake ukagwe m'foni ya mayi wachitsikana wa mumzinda wakuti, amene sabata yathayi amayang'ana zithunzi za matewera. Amene angamuuze komwe kuli mayi ameneyo ndiye amulipira. Choncho chilichonse chimene mwachikonda pa tsamba, mphindi zimene mwataya pa kanema wina, malo amene muli, mtundu wa foni yanu ndi mayina a anzanu, zonsezi zimasungidwa. Katundu amene akugulitsidwa pamsika umenewu ndinu ndi ine.

Mwina muti, nanga kudina kuti ndakonda nyimbo kapena timu ya mpira kungaulule chiyani? M'chaka cha 2013 akatswiri ena a pa yunivesite ya Cambridge ku Britain adasindikiza zimene adapeza atafufuza anthu oposa 58,000. Adaonetsa kuti pongoona zimene munthu wakonda pa Facebook, kompyuta imatha kulota chipani chake, chipembedzo chake ndi zina zam'kati mwa moyo wake zimene iye sadauze wina aliyense, ndipo nthawi zambiri imalondola.

Anthu andale sadachedwe kununkhiza. M'chaka cha 2014 mphunzitsi wina wa pa yunivesite yomweyo, Aleksandr Kogan, adafalitsa pa Facebook timafunso tooneka ngati masewera, toti munthu adziwe khalidwe lake. Anthu pafupifupi 270,000 adayankha timafunsoto, ambiri atalandira kangachepe. Chimene sadachilabadire n'chakuti povomera kuyankha, adatsekulanso khomo la anzawo onse, chifukwa masiku amenewo malamulo a Facebook ankalola pologalamu yotere kutenga mbiri ya munthu pamodzi ndi ya abwenzi ake. Mapeto ake mbiri ya anthu ofika 87 miliyoni, ambiri mwa iwo a ku America, idatengedwa, ndipo yambiri idakathera m'manja mwa kampani yothandiza andale pa kampeni, yotchedwa Cambridge Analytica. Taonani kusiyana kwa manambala awiriwo. Amene adavomera adali 270,000. Enawo sadafunsidwe n'komwe. Akuluakulu adati khoswe wa padenga adaulula wa padzala.

Kampani imeneyi idagwira ntchito pa kampeni ya Ted Cruz, kenaka ya Donald Trump, m'chaka cha 2016. Malonda ake adali akuti imadziwa mantha ndi zofooka za wovota aliyense, ndipo ikhoza kumutumizira uthenga womukhudza iye yekha. Akatswiri amatsutsanabe ngati njirayi idasinthadi zotsatira za chisankho, koma palibe amene amatsutsa kuti mbiri ya anthu idatengedwa eni ake osadziwa. Ndipotu musaganize kuti ndi za azungu okhaokha. Wailesi ya kanema ya Channel 4 ya ku Britain idajambula mobisa akuluakulu a kampaniyo akudzitama kuti ndiwo adayendetsa kampeni ya Uhuru Kenyatta ku Kenya pa zisankho za 2013 ndi 2017.

Zonsezi zidaululika mu Malichi 2018, pamene Christopher Wylie, amene adagwirapo ntchito ku kampaniyo, adapita kwa atolankhani a The Observer ndi The New York Times. Mu Epulo mkulu wa Facebook, Mark Zuckerberg, adakayankha mafunso pamaso pa aphungu a ku America, ndipo mu Meyi Cambridge Analytica idatseka zitseko. Boma la Britain lidalipiritsa Facebook chindapusa cha mapaundi 500,000, ndipo mu 2019 la America lidailipiritsa madola 5 biliyoni. Koma chindapusa sichibweza chinsinsi. Madzi akatayika saoleka.

A Malawi anzanga, ife nkhani yofufuzidwa si yachilendo. Amene mudali kunja m'nthawi ya chipani chimodzi mukukumbuka kuti polembera kalata achibale kumudzi munkayeza mawu alionse, podziwa kuti kalatayo ikhoza kuwerengedwa panjira. Amene mudali konkuno mukukumbuka kutsitsa mawu m'basi ndi m'malo omwera, poopa akapirikoni. Mu 1992 anthu adamangidwa chifukwa chongopezeka ndi pepala limene boma silidalifune. N'chifukwa chake amene adalemba malamulo oyendetsera dziko lino mu 1994 adaikamo ndime 21, yonena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa chinsinsi: asasechedwe iye kapena nyumba yake mwachisawawa, asalandidwe katundu wake, ndipo makalata ake ndi zolankhula zake za pa lamya zisasokonezedwe. Kale kapirikoni ankachita kukutsatira ndi miyendo. Lero timamugula tokha, timamuthira mayunitsi tokha, ndipo usiku timagona naye kumutu.

Lamulo lilipo. Maiko a ku Ulaya adayamba kugwiritsa ntchito lamulo lawo lolimba pa 25 Meyi 2018, limene limalola kulipiritsa kampani yolakwa mpaka 4 pelesenti ya ndalama zonse zimene yapeza pa chaka. Kenya idakhazikitsa lake mu 2019, Zambia mu 2021. Kuno kwathu lamulo loteteza mbiri za anthu lidayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli likupatsani mphamvu yofunsa amene akusunga mbiri yanu kuti akusunga chiyani, yowauza akonze zolakwika, ndi yowauza afufute pamene palibenso chifukwa choisungira. Koma lamulo limene eni ake salidziwa limangodya fumbi mu ofesi.

Tsono ndilankhule ndi inu a malonda, pakuti ndikuonani muli muno. Kutsatsa malonda si tchimo, ndipo bizinesi yosadziwa makasitomala ake imagwa. Koma nambala ya foni ya kasitomala mwangobwereka, si yanu. Munthu akalemba dzina ndi nambala pa kapepala ka mpikisano m'sitolo mwanu, wakupatsani kuti mumuimbire akapambana. Sadakupatseni kuti mukagulitse kwa a njuga, a ngongole kapena a chipani. Mufuna kumamutumizira mauthenga a malonda? Mufunseni poyera, m'chinenero chimene amamva, ndipo akakana musamumane katundu. Akavomera lero n'kudzatopa mawa, pakhale njira yapafupi yoti aleke kulandira. Tengani zokhazo zimene mukuzifunadi: wogulitsa nsapato alibe nazo ntchito tsiku lobadwa la mwana wanga kapena chithunzi cha chiphaso changa cha unzika. Ndipo zimene mwatengazo muzisunge bwino. Tonse tidaliona buku la alendo pa geti ya ofesi, lodzaza mayina ndi manambala, lili pambalambanda kuti aliyense wolowa awerenge. Tidaonanso mapepala a ziphaso za anthu atatayidwa kudzala. Wakuba wa pa foni amene amakutchulani dzina lanu lenileni, n'kukuuzani kuti mwapambana mphoto, dzinalo sadalilote. Alipo amene adalitaya.

Kumene umbombo wotere umafikitsa tidakuona ku Kenya. Makampani ena obwereketsa ndalama pa foni ankauza munthu kuti asanalandire ngongole alole pologalamu yawo kuona manambala onse a m'foni mwake. Munthu akachedwa kubweza, ankaimbira apongozi ake, abwana ake ndi abusa ake kuwauza kuti uje ndi wokana ngongole. Zidafika poti banki yaikulu ya dzikolo idayamba kupereka ziphaso kwa makampani otere mu 2022, ndipo mu 2023 Google idaletsa mapologalamu a ngongole kuona manambala ndi zithunzi za m'mafoni a anthu. A katapila a masiku ano safuna chikole cha mbuzi. Chikole chawo ndi ulemu wanu.

Nanga ife eni mafoni? Ndinene mosapsatira mawu: zinsinsi zambiri m'dziko muno zimaululidwa ndi zala zathu zomwe, osati ndi makampani a ku America. Galimoto ikagubuduka pamsewu, anthu amathamangira kujambula asanathamangire kunyamula ovulala, ndipo mayi amamva za imfa ya mwana wake pa WhatsApp. Kwathu uthenga wa maliro uli ndi mwambo wake ndi anthu ake okaunena. Mwambo umenewo tidausiya kuti? Timajambula odwala ali pabedi m'chipatala. Timaika chithunzi cha mwana atavala yunifolomu, dzina la sukulu likuoneka, mwanayo osadziwa kuti chithunzicho chidzakhalapobe iye atakula. Anthu awiri akayambana, wina amatenga zimene adauzana kuseri, kapena zithunzi zimene adatumizirana ali m'chikondi, n'kuzimwaza m'magulu. Ndipo iwe amene wangolandira n'kutumiza kwa ena, usati manja ako ndi oyera. Wosenza nkhuni zowotchera nyumba ya mnzake ali nawo mlandu womwewo.

Pali zinthu zing'onozing'ono zimene aliyense angachite. Pologalamu ikapempha kuona manambala anu, zithunzi zanu kapena malo amene muli, dzifunseni ngati ikuzifunadi pa ntchito yake. Tochi ya m'foni ilibe chifukwa chodziwira anzanu. Nambala yachinsinsi ya Mpamba, Airtel Money kapena ya ku banki musauze munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani. Musaike pa tsamba chithunzi cha chiphaso, tikiti ya ndege kapena kalata ya ntchito. Musanaike chithunzi cha mnzanu, kapena kumulowetsa m'gulu la anthu osawadziwa, mufunseni. Ndipo timafunso tija ta masewera, toti mudziwe kuti mudzalemera liti kapena mumafanana ndi ndani, kumbukirani anthu 87 miliyoni aja. Safunsa adadya phula.

Ena amati, ine ndilibe chobisa. Abale anga, chimbudzi timachiika chitseko ngakhale aliyense akudziwa zimene timachitamo. Kalata timaiika m'envulopu ngakhale muli moni yekha. Povota timalowa m'kachipinda tokha, ndipo amene mudavota pa 14 Juni 1993 mukudziwa mtengo wa kachipinda kameneko. Munthu amene akudziwa kuti akuonedwa amayamba kudziletsa yekha, amaleka kufunsa, amaleka kutsutsa, ndipo demokalase imafota popanda msilikali kuombera mfuti.

Ndichenjezepo chinthu chimodzi ndisanakhale pansi. Ufulu wa chinsinsi usasanduke bulangete lofunda akuba a chuma cha boma. Matenda a nduna ndi nkhani ya nduna ndi banja lake, koma momwe ndunayo yagwiritsira ntchito misonkho yathu ndi nkhani ya tonse, ndipo lamulo lopereka mwayi wopeza uthenga wa boma, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2020, lidabwerera zomwezo. Tiyang'anitsitse kuti lamulo loteteza mbiri za anthu liteteze munthu wamba, lisagwiritsidwe ntchito potseka pakamwa atolankhani.

Choncho ndikupemphani zinthu ziwiri. Usiku uno musanagone, tsekulani foni yanu muone mapologalamu amene mudawalola kuona manambala a abale anu, ndipo osafunikawo muwachotse. Mawa wina akakupemphani nambala kapena chiphaso, mufunseni mwaulemu kuti akufuna achite nacho chiyani, adzachisunga mpaka liti, ndipo winanso amene adzachione ndani. Akalephera kuyankha, muli nawo ufulu wokana.