Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wopereka Masatifiketi kwa Ogwira Ntchito Kuseri kwa Kamera

 

Filimu ikatha, ambirife timanyamuka mayina aja akadali kukwera pa kanema. Amene timapita naye kunyumba m'mutu ndi wochita sewero. Achinyamata inu mwasankha ntchito ya anthu a mayina omwe sitiwerengawo, ndiye ndikufuna ndilankhule za iwo.

Mu 2019 dziko lonse linaonera The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba, imene Chiwetel Ejiofor anadzajambulira konkuno, ku Kasungu. Tinakamba zambiri za Chichewa chimene mkuluyo anayankhula. Koma kamera isanayatsidwe panafunika munthu wokagwada kwa mafumu kupempha malo, wina wophunzitsa alendowo chiyankhulo, wina wophikira chikhamu chonsecho. N'chimodzimodzinso The Last Fishing Boat ya a Shemu Joyah, ndi Lilongwe ya mayi Joyce Mhango Chavula, imene inakatenga mphotho ku Nigeria mu 2016. Mphotho amalandira mmodzi, koma thukuta linali la gulu.

Ndiloleni ndikhalitse pa wotola mawu, chifukwa mafilimu athu ambiri amagwera pamenepa. Mnyamata uja amaima atakweza mtengo wa maikolofoni pamwamba pa mutu, mikono ikunjenjemera, osaloledwa kuutsitsa poopa kuti uoneka m'chithunzi. Mayi wa m'sewero wangoyamba kulira bwinobwino, tambala wa pakhomo loyandikana naye walira. Ayambirenso. Kenaka chigayo chalizidwa, njinga yamoto ya kabaza yadutsa, jenereta yanu yomwe ikusokosa. Iye yekha, wovala mahedifoni, ndi amene akumva zonsezi, ndipo ayenera kulimba mtima kuuza dayirekitala kuti tibwereze, ngakhale dzuwa likupendeka ndipo aliyense watopa. Woonera amapirira chithunzi cha mdima pang'ono, koma mawu akamamveka ngati munthu ali m'chitsime, amazimitsa.

Palinso wina amene ntchito yake ndi kukumbukira: mpango unamangidwira kumanzere dzulo, tiyi m'kapu anali theka. Akagona ameneyo, mayi alowa m'nyumba ndi chitenje chofiira n'kutuluka ndi chobiriwira, ndipo pa Facebook mumawadziwa Amalawi, sakusiyani. Za wolumikiza zithunzi, wochezera usiku pa kompyuta kuthamangitsana ndi magetsi, sindinena zambiri. Maso ake amanena okha.

Tsono kwa inu eni mafilimu amene muli pano. Chizolowezi chouza ana awa kuti "tidzakuona filimu ikagulidwa" chithe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wonyamula magetsi nayenso amalipira lendi. Gwirizanani malipiro ntchito isanayambe, mulembe papepala, musayinirane, ndipo dzina la aliyense, mpaka wophika, lilembedwe molondola kumapeto kwa filimu, popeza dzinalo ndilo lidzamupezere ntchito ina.

Achinyamata inu, fikani pamalo ojambulira ena onse asanafike, mabatire mutatchaja, ndipo zimene mwajambula muzisunge pawiri tsiku lomwelo. Musagwire chingwe cha munthu musanaone pepala la mgwirizano.