Khansa ya khomo la chiberekero: kodi mayi angaberekenso?

Ndiyambe ndi kupepesa. Nkhani ya lero ili ndi mawu amene sititchula pamaso pa apongozi, koma mundilole ndilaule pang'ono, chifukwa ndikamazungulira ena abwerera kwawo osamva chimene ndadzera. Abambo musachoke, mbali ina ya nkhaniyi ndi yanu.

Nthawi zonse tikakamba za kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero, pagulu anthu amangovomera. Tikabalalika m'pamene mayi amanditsatira kumbali n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Alangizi, akandipeza nayo ndidzaberekanso? Paja amati amachotsa chiberekero." Mantha amenewa ndi amene akuletsa amayi ambiri kukwera pa bedi la namwino. Yankho lake limadalira pamene matenda afika tsiku limene apezeka.

Khansa imeneyi ndi imene ikupha amayi ambiri m'Malawi muno kuposa khansa ina iliyonse. Chaka chilichonse amayi oposa 4,000 amapezeka nayo, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Gwero lake ndi kachirombo ka HPV kamene timapatsirana pogonana. Kamagwira ntchito mwakachetechete, zaka 15 mpaka 20 khansa isanaoneke. Kwa mayi amene ali ndi HIV kamafulumira, mwina zaka 5 mpaka 10 zokha. Zaka zimenezi ndiye mpata wathu.

Tiyambe ndi mayi amene wabwera msanga. Namwino amanyowetsa thonje ndi viniga, n'kupaka pa khomo la chiberekero, n'kudikira mphindi imodzi. Pamene pali vuto pamayera mbee. Mvetsani bwino apa: malo oyerawo nthawi zambiri si khansa ayi, ndi tizilonda timene tingadzasanduke khansa tikasiyidwa. Amatiwotcha tsiku lomwelo ndi kachitsulo kotentha, osatha ndi mphindi yomwe. Chipatala cha Nkhoma ndi chimodzi mwa zoyamba kugwiritsa ntchito njirayi kuno kwathu. Kachitsuloko kamathera pakhomo, m'kati mwa chiberekero sikafikamo. Mayi amatuluka madzimadzi kwa masabata angapo, amapuma kukhala malo amodzi ndi bambo kwa masabata anayi, ndipo akachira angathe kutenga pakati monga kale. Tizilonda tikakhala tokulirapo amatumiza ku chipatala chachikulu kukatidula ndi kawaya kamagetsi, njira yotchedwa LEEP. Nayonso siiletsa kubereka, kungoti khomo limafupikako, ndiye mukadzayembekezera muwauze anamwino ku sikelo, chifukwa mwa amayi ena mwana amatha kubadwa masiku asanakwane. Langizo langa n'lakuti mulere kaye mpaka mutapimidwanso pa tsiku limene akulemberani m'buku. Mayi woyembekezera samuwotcha. Amadikira achire, kenako abwerenso. Musaiwale kubwerako.

Tsopano mayi amene namwino wakayikira, amutapa kanyama kakang'ono kupita nako ku labu, zotsatira zabwera kuti ndi khansa. Ikakhala kuti yangoyamba kumene, yaing'ono yosaoneka ndi maso, dokotala angathe kudula kachigawo ka khomo kokha, chiberekero n'kutsala. Palinso opaleshoni ina imene inayambitsidwa ndi dokotala wa ku France, Daniel Dargent: amachotsa khomo lonse, n'kusiya thupi la chiberekero, n'kumanga m'munsi mwake ndi ulusi. Amayi ena abereka pambuyo pake, koma amachira kudzera mu opaleshoni, ndipo kupita padera kumachitika kawirikawiri. Imatheka pokhapokha chotupa chisanapitirire masentimita 2 ndipo chisanafalikire. Sindikunamizani kuti opaleshoni imeneyi mungaipeze paliponse, madokotala oidziwa ndi ochepa. Komabe mayi wofuna mwana anene pakamwa pake tsiku loyamba lomwe kuti, "Adokotala, ine ndikufunabe kubereka. Pali njira?" Funso limeneli limafunsidwa musanalowe ku fiyeta. Mukatuluka palibenso chobweza.

Kwa amayi ambiri amene khansa yapezeka ikadali pakhomo, chithandizo ndi kuchotsa chiberekero chonse. Amachita ku zipatala zikuluzikulu monga ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene a bungwe la MSF akhala akuthandiza pa ntchitoyi. Mayi wochotsedwa chiberekero sasambanso, satenganso pakati, ndipo kulera sikufunikanso. Kondomu yokha ikhalebe pafupi ngati pali nkhani ya HIV kapena matenda ena opatsirana. Ngati mayi akadali wamng'ono, dokotala nthawi zina amasiya tizikwama ta mazira kuti thupi lipitirize kugwira ntchito yachikazi; funsani ngati kwa inu zingatheke. Ndamva anthu akunena kuti mayi wotere amatsala dzenje, kapena kuti wasanduka mwamuna mnzako. Limenelo ndi bodza lopasula mabanja. Njira ya amayi amaisoka bwinobwino kumtunda kwake, ndipo bala likapola, dokotala atavomereza, banja limakhalira limodzi.

Khansa ikafalikira, mpeni sukwaniranso. Pamafunika mankhwala a pa diripi pamodzi ndi makina owotcha ndi cheza champhamvu, amene madokotala amati radiotherapy. Kwa zaka zambiri Amalawi ankachita kutumizidwa kunja kukapeza makina amenewa. Cheza chimenechi chimapha khansa, komanso chimapha mazira ndi kuumitsa chiberekero. Mayi wa zaka 32 amasiya kusamba ngati wa zaka 50, kumva kutentha thupi usiku, kuuma kumaliseche. Zimenezi zili ndi chithandizo, musavutike nazo chamumtima. Mwina mwamva pa wailesi kuti ku Johannesburg kapena ku India amatha kusunga mazira a mayi mufiriji yapadera. N'zoona, koma mtengo wake ndi wosafikirika kwa ife, ndipo chiberekero chikachoka mazirawo amafuna mayi wina woti awanyamule. Sindikufuna munthu agulitse munda chifukwa cha chiyembekezo chimenechi.

Nanga kulera pa nthawi imene mayi akudikira chithandizo? Apa m'pofunika kwambiri. Kudikira zotsatira ndi tsiku la opaleshoni kumatha kutenga miyezi, ndipo mimba ikalowa pakati apa zonse zimasokonekera. Mankhwala a khansa amavulaza mwana, makamaka m'miyezi yoyambirira, ndipo makina aja mwana sangapulumuke. Banja limakakamizika kusankha zinthu zowawa zimene zikanapeweka. Choncho mayi amene akudikira alere. Jakisoni wa Depo kapena Sayana Press, mapiritsi, tizitsulo ta pamkono monga Jadelle ndi Implanon, makondomu, zonsezi n'zololedwa, malinga namwino adziwe matenda anu ena monga kuthamanga kwa magazi. Lupu yokha ndi imene saika mwa mayi amene wapezeka ndi khansa ndipo akudikira chithandizo, chifukwa imadutsa pa khomo lodwala lomwelo. Amene anali nayo kale asathamangire kuchotsa, akaonane ndi dokotala. Abambo amene ana anakwana, kutseka kwa abambo kulipo, ndipo mphamvu zanu sizichepa.

Ena amati kulera n'kumene kumabweretsa khansa. Pafupifupi nthawi zonse, popanda HPV khansa imeneyi siibwera. Chilungamo chake n'chakuti mapiritsi akamwedwa zaka zoposa 5 amawonjezerako chiopsezo pang'ono, ndipo chimatsika mayi akasiya. Kubereka ana ambiri nakonso kumawonjezera chiopsezo. Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'china: mayi akutaya magazi akakhala ndi bambo, kapena akutuluka chikazi chonunkha, iye n'kumati ndi jakisoni. Jakisoni amasokoneza msambo, inde, koma magazi otuluka mukangotha kugonana si oyenera kuwanyalanyaza. Pitani akakuoneni m'kati, asangokusinthirani njira yolerera.

Abambo, ankhoswe, eni mbumba, tsopano ndili kwa inu. Kudera lina kumene ndinagwirako ntchito kunali mayi wa ana aakazi awiri. Anampeza ndi khansa ikadali yochotseka, tsiku la opaleshoni analilemba m'buku mwake. Kwawo kwa mwamuna anati ayambe wabereka wamwamuna. Ankhoswe anakhala pansi kangapo, ena anati ayesere kaye mankhwala azitsamba. Buku lija linakhala m'chikwama, kukulungidwa m'pepala la shuga, mvula yonse mpaka kukolola. Pamene ankabwerera ku chipatala anali akuyenda chowerama, ndipo dokotala anati mpeni sungathenso kanthu. Mwana wamwamuna uja sanabadwe, ndipo atsikana awiri aja akuleredwa ndi agogo awo. Mpaka lero nkhaniyi imandiwawa, chifukwa palibe amene ankafuna kumupha; aliyense ankaona ngati nthawi ilipo. Kambiranani monga banja, n'zoyenera, koma kambiranani sabata yomweyo, ndipo mawu omaliza akhale a mwini thupi. Bambo aperekeze mkazi wake akamve yekha kwa dokotala, m'malo momva za m'maluwa.

Pali mayi amene achotsedwa chiberekero asanagwirepo mwana wake. Ameneyo musamuuze kuti angoyamika poti ali moyo. Akulira maliro a ana amene sanawaone, ndipo amafuna anthu okhala naye monga timachitira pa siwa. Nthawi yake ikakwana, kulera mwana wa m'bale si chachilendo kwathu kuno, ndipo amene akufuna kutenga mwana mwalamulo ayambire ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kwa DC, nkhani imakathera ku khoti. Koma musamuthamangitse nazo.

Atsikana athu ali ndi mwayi umene amayi awo analibe. Kuyambira mu 2019 boma likupereka katemera wa HPV kwa atsikana kuyambira zaka 9. Katemerayu satseketsa chiberekero, amachiteteza. Amayi a zaka 25 mpaka 49 mukayezetse ngakhale simukumva kupweteka paliponse, ndipo amene mukumwa ma ARV funsani za kuyezetsaku tsiku lomwe mukukatenga mankhwala.

Ndilekeze pomwepa kuti anthu afunse. Amene funso lake silingatuluke pagulu andipeze pa kiliniki ya m'mudzi, atenge buku lake la kuchipatala, ndipo ngati angathe abwere ndi bambo a kunyumba.